Chiwaya Chakuda cha Amake Tiya

Chipale chofewa chinali chitagwa masiku awiri osalekeza, ndipo m'mawa wa Lachiwiri dzuwa linatuluka lowala koma lopanda moto. Ku Germantown, mu Maryland, magalimoto anali atakwiririka mpaka m'mawindo, onse ali mbuu ngati milu ya ufa. Mumsewu munali zii. Unali mwezi wa Januwale, chaka cha 1996, ndipo wailesi inalengeza kuti maofesi ambiri a mu Washington satsegulidwa tsiku limenelo, mwinanso ndi mawa lomwe.

A Sosten Matewere anamvera wailesiyo ataima pawindo, kapu ya tiyi ili m'manja. Anali dalaivala pa ofesi ya kazembe wina ku Massachusetts Avenue, ntchito imene anali ataigwira zaka khumi ndi zinayi osajomba. Tsiku limeneli kunalibe woti amuyendetse. Anali bambo wamtali, wa imvi za m'mbali, wa mawu owerengeka. Anzawo kuntchito ankati ukafuna kumva mawu a Matewere uchite kuwaponda phazi.

Akazi awo, a Edness, anamwalira mu Ogasiti. Maliro anakaika kwawo ku Chiradzulu, iwo n'kubwerera okha m'nyumba imene anakhalamo awiri zaka zisanu ndi zinayi. Kanali kanyumba kosanja, kolumikizana ndi tinzake pamzere, kokhala ndi kabwalo kumbuyo komwe nyengo yotentha ankadzalako maungu chifukwa cha nkhwani.

Foni inalira. Anali Tiya, mwana wawo mmodzi yekhayo, namwino wokhala ku Alexandria, mu Virginia, ndi mwamuna wake Melvin.

"Adadi, mwadzuka bwanji? Magetsi alipo?"

"Alipo."

"Chakudya?"

"Chilipo."

"Mankhwala a BP mwamwa?"

"Ndamwa."

Tiya anapitiriza. "Loweruka misewu ikatseguka tikubwera, ine ndi anti Callista. Nkhani ndi yomwe ija."

Nkhani yake inali iyi. Pa Khirisimasi Tiya anabwera mosayembekezeka, n'kupeza mbale za sabata yonse zili musinki, fumbi la pa TV loti n'kulembapo dzina, bafa litachita chikasu. Analira ataima m'khitchini. Kuchokera tsiku limenelo anangoti kakaka: bambo ake asamukire ku Alexandria, chipinda chilipo, ndipo pangano la nyumba ya ku Germantown likatha mu Febuluwale asasainenso lina.

"Ndili bwino kuno," anatero a Sosten.

"Mumatero nthawi zonse. Ndiye tipangane. Anti adzaona ndi maso awo. Tikapeza momwe ndinapezera muja, mukulongeza katundu, osatsutsa. Tikapeza bwino, ine nditseka pakamwa. Deal?"

"Chabwino."

Anaika foni. A Sosten analibe naye chifukwa Tiya, anali mwana wabwino. Melvin nayenso anali mnyamata waulemu. Koma munthu wamkulu kukagona m'nyumba ya mkamwini, kumakumana naye m'mawa pakhomo la bafa thaulo lili m'chiuno, zimenezo ayi. Kwawo mkamwini ndi apongozi amapatsana malo. Komanso nyumba ya Tiyayo inali pa nsanjika yachisanu ndi chimodzi, ndipo nkhwani sungadzale m'malere. Woweruza mlandu ndiye anali Callista, mng'ono wake wa a Edness, mlamu wa maso akuthwa ndi pakamwa posatopa. Tiya anadziwa chimene amachita pomusankha.

Anatsegula kabati ya pansi pa sinki. Kutsogolo kunali mabotolo a mankhwala otsukira m'nyumba amene Tiya anasiya pa Khirisimasi, obiriwira, achikasu, ena opopera, onse osatsegula. Anawatulutsa limodzilimodzi n'kuwaika m'katoni. A Edness sankalola zimenezi m'nyumba mwawo. Ankagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo akafika madzulo ankati, "Tsiku lonse ndakhala ndikununkhiza mankhwala, chifuwa chili gwa. Kwanga kuno ayi." Kumbuyo kwa kabatiyo ndi kumene kunali zida zawo: chigubu cha viniga, mapaketi atatu a soda, thumba la mchere, nsanza za mathaulo akale zopindidwa bwinobwino, ndi chitini cha mkaka chosungira phulusa, lotsala pang'ono pansi.

A Sosten anakhala pansi pomwepo kanthawi. Zaka makumi atatu ndi ziwiri za banja sanagwirepo chikolopa. Loweruka lililonse ankakhala pampando ndi nyuzipepala, a Edness akuyimba nyimbo za Mvano chapansipansi, ndipo ntchito yawo inali imodzi yokha, kukweza miyendo akauzidwa kuti, "Miyendo, abambo." Koma maso sapita pa tchuthi. Anapeza kuti akukumbukira zonse, ngakhale dongosolo lake: kuyamba m'mwamba kutsirizira pansi, kuyamba kuchipinda kutsirizira pakhomo.

Anayamba ndi mawindo. Viniga theka la kapu m'beseni la madzi ofunda, kupukuta ndi nsanza, kenaka kuumitsa ndi nyuzipepala yofwinya. Galasi linkalira kwii, kwii, ndipo atamaliza, kuwala kwa chipale kunalowa m'nyumba mpaka iwo kutsinzina. Makatani anawatsitsa n'kuwanyika. Bafa analiwaza soda, n'kuthirapo viniga mowolowa manja kuchokera m'chigubu momwe. Thovu linafufuma likulira ngati masese owira, iwo n'kubwerera chambuyo mpaka kugunda chitseko. Anakumbuka mochedwa kuti amake Tiya ankathira pang'onopang'ono, ndi kapu. Anaseka okha. Chikasu chija chinachoka ndi burashi, koma fungo la viniga linawatulutsa misozi, moti anatsegula windo n'kumaliza ntchitoyo atavala jekete ndi chipewa.

Lachitatu anapita kwa Mulenga. Mulenga anali Mzambiya wa nyumba ya pakona, wogwira ntchito ku banki yaikulu m'tauni, ndipo pamzere wonsewo ndi yekhayo amene anali ndi posonkhera moto wa nkhuni pabalaza. Anamupeza akufukula galimoto yake ndi fosholo, thukuta lili kamukamu pakati pa chisanu.

"Ba Matewere! Mwauka bwanji, mudala? Mwabwela kunithandiza?"

"Ndadzuka. Ndikufuna phulusa."

"Phulusa? Ya chani? Awe, imwe ba ku Malawi, mwayamba vamankhwala manje?"

"Lokwechera mapoto."

Mulenga anatsamira fosholo yake. "Mapoto? Mu America muno? Ku shopu kuli sopo ya mapoto mitundu twente, mudala."

"Ndikudziwa."

"Manje?"

"Ndikufuna phulusa."

Mulenga anaseka, n'kulowa m'nyumba, n'kutuluka ndi ndowa yodzaza theka. Mkazi wake Chileshe, amene ankamvetsera ali pakhomo, anaonjezera mandimu asanu ndi limodzi m'kathumba.

"Ba Edness ndiye bananiphunzitsa ya mandimu na mchele," anatero. "Pa thabwa yodulilapo nsomba. Fungo imasila yonse."

A Sosten anagwedeza mutu. Sankadziwa kuti akazi awo ankaphunzitsa anthu pamzerepo. Pobwerera anaima pa bokosi la mchenga limene eni nyumba amaika pakona kuti anthu aziwaza poterera, natapamo manja awiri n'kuthira m'thumba la jekete. Sanadziwe ngati udzafunika, koma kwawo phulusa ndi mchenga zimayendera limodzi.

Phulusa analisefa kuti makala achoke. Lina analinyika m'madzi, ngati wokonza chidulo cha therere, ndipo madzi oterera aja anasungunula mafuta a pachitofu ndi m'uvuni mosavuta. M'ketulo anawiritsamo viniga, zoyera zomata pansi zija n'kutuluka zidutswazidutswa. Kapeti anaiwaza soda n'kuisiya igone, kuti adzaipope ndi makina m'mawa mwake. Thabwa lodulira nyama analikhula ndi ndimu ndi mchere monga ananenera Chileshe. Kuchipinda, pa tebulo la galasi la a Edness, ananyamula chilichonse, chipeso, botolo la mafuta odzola, Baibulo, kupukuta pansi pake n'kuchibwezera pamalo pake penipeni. Makoko a mandimu anawawiritsa m'kapoto, nyumba yonse n'kununkhira ngati Loweruka lakale. Msana unkawawa, mawondo ankalira akamadzuka, koma tulo tinkabwera tokha, ndipo tiyi ndi buledi zinayambanso kukoma. Kudzuka uli ndi chochita n'kwabwino.

Lachinayi anafika pa mapoto. Apa anaikapo mtima wonse, chifukwa mlamu wawo ankamudziwa. Callista sakanataya nthawi ndi kapeti. Mkazi wa ku Chiradzulu akafika pakhomo pa mnzake, moni ali pakamwa, maso ali pathandala. Poto wowala ndi ulemu wa mwini khomo, poto wakuda ndi nkhani ya kuchitsime. Anayala chiguduli pansi m'khitchini, nakhala chotambalala, nayamba: phulusa lonyowa, nsanza, kukwecha mozungulira, mkati ndi kunja komwe. Masefuliya anayi, ketulo, zivundikiro, mabeseni awiri. Chilichonse chinkachoka m'manja mwawo chikunyezimira, choti munthu n'kumetera ndevu. Anazindandalika pa tebulo kuyambira chachikulu.

Chomaliza chinali chiwaya chokazingira mazira. Kunja chinali chofiira, koma mkati monse munali bii mpaka m'milomo. A Sosten ankachigwiritsa ntchito m'mawa uliwonse chibwerere kumaliro, kungochitsukuluza n'kuchivundikira, osachiyang'anitsitsa. Tsopano anachitengera pawindo. Kuda kumeneku sikunali kwa miyezi inayi. Kunali kosalala, kokhazikika, ngati kwa mafuta opserera pamwamba pa mafuta anzake. Anakumbuka kuti tsiku loyamba kuchigwira chinali kale chotero.

Mtima unawawa. Amake Tiya anadwala miyezi isanu asanagonekedwe m'chipatala, akudzikoka m'khitchini, kukana kuti wina awaphikire. Manja anali atatha mphamvu. Ndiye kuti chiwayachi chinawakanika, ndipo sanauze munthu. A Sosten anali pomwepo, pampando, ndi nyuzipepala.

Fumbi la pa TV linali manyazi awo a Sosten, ndipo akanatha kuwasenza. Koma ichi Callista akanawerengera mkulu wake. Zimenezo sakanalola.

Phulusa lokha silinaphule kanthu. Ndimu ndi mchere, chimodzimodzi. Soda anangoterera pamwamba. Anakhuthula mchenga uja m'jekete, nausakaniza ndi phulusa, napinda chidutswa cha chiguduli kanayi. Patapita theka la ola, pakati pa chiwaya panaoneka kadontho koyera, kukula ngati teni tambala. Anapumira m'mwamba. Chinthu chilichonse chimagonja, bola osachisiya.

Anakwecha mpaka dzuwa kupendeka. Lachisanu chipale chinagwanso, kuntchito anaimba kuti asabwere, iwo n'kupitiriza. Zala zinatupa, chachikulu n'kusupuka, anachikulunga kansanza. M'mbali mokhota ndi mmene munavuta kwambiri, ndi pozungulira timisomali ta chigwiriro, ndipo pamenepo anachita kusongola kamtengo. Pofika masana chiwaya chinali mbee, osatsala ngakhale kadontho. Anachitsuka katatu ndi madzi otentha, nachipachika pa msomali pamwamba pa chitofu, pamene aliyense wolowa angachione. Anasita makatani, nawabwezera, nakolopa khitchini chobwerera m'mbuyo mpaka pakhomo.

Loweruka kunacha bwino, misewu atapala. A Sosten anavala malaya oyera n'kukhala pampando kudikira. Alendo anafika cha m'ma leveni, ndipo mawu a Callista anamveka asanagogode.

"Odi kuno! Alamu, muli moyo kapena tiyambe nyimbo?"

"Lowani."

Callista analowa akukutumula chipale ku nsapato, mayi wojintcha, wovala chijekete chachimuna pamwamba pa chitenje. Naye ankasamalira odwala, koma m'makomo mwawo, ndipo ankanena kuti mu Maryland mulibe nyumba imene sanaione kuseri kwa chimbudzi. Tiya anali pambuyo, atanyamula makatoni opinda, olongezera katundu. A Sosten anawayang'ana makatoniwo.

Tiya anaima pakhomo la pabalaza, nanunkhiza. Anatsitsa makatoni pang'onopang'ono.

"Adadi, mwalemba munthu ntchito?"

"Ayi."

"Alamu, nenani zoona," anatero Callista. "Kapena mwapeza kale wina, chaka chisanathe? Mutulutseni kumene mwamubisako, ndimuonetse mthiko."

"Ndili ndi manja."

"Manja amenewo ndawadziwa zaka makumi atatu. Amadziwa chiwongolero ndi nyuzipepala basi."

Anavula jekete n'kuyamba ulendo wake. Anayendetsa chala pamwamba pa filiji, nachiyang'ana. Anakankha sofa, nasuzumira kuseri. Anakwera m'mwamba, apansi n'kumva chitseko cha bafa, kenaka cha kabati, kenaka zii. Anatsika akupukusa mutu.

"Tiya, bafa lija ukhoza kudyeramo."

Tiya anali m'khitchini, atanyamula chigubu cha viniga chotsala pang'ono. "Zonsezi ndi viniga wa amami?"

"Ndi soda. Ndi phulusa."

"Phulusa mwalitenga kuti?"

"Kwa Mulenga."

"Nanga mabotolo anga aja?"

"Ali m'katoni. Utenge."

Callista anafika pa mapoto. Ananyamula sefuliya wamkulu, namutembenuza, nayang'ana kunsi, kumene aulesi amagwidwira. Anadziona nkhope, nakonza duku.

"Ee, koma abale inu. Achemwali akanaona izi akanafunsa kuti munali kuti masiku onsewa."

A Sosten anamva kutentha m'makutu. Anayang'ana pawindo. Mlandu watha, anatero mumtima.

"Ichi n'chatsopano?" anafunsa Tiya, akutsitsa chiwaya pa msomali. Anayang'ana kunja kofiira kuja, nayang'ana mkati, nayang'ananso kunja. Nkhope inasintha. "Adadi. Ichi si chiwaya chija ndinawagulira amami?"

"Kaya. Ndi cha mazira."

"Chakuda chija chapita kuti?"

"Ndachotsa."

"Mwachotsa ndi chiyani?"

"Phulusa ndi mchenga."

"Oh my God. Adadi! Silinali litsiro limene lija! Ndi non-stick imeneyi. Amachita kupaka kufakitale kuti zakudya zisamamatirire. Chimagulidwa chili chakuda chonchija. Ngakhale supuni yachitsulo amaletsa, ndiye inu mchenga?"

Callista anayamba ndi mapewa. Kenaka kuseka kunaphulika, nagwira tebulo, natsetsereka mpaka kukhala pansi, akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

"Mayo ine, nthiti zanga! Alamu, mwasenda chiwaya ngati chinangwa!"

Tiya sanaseke. Anali atachigwira ndi manja awiri.

"Ndinawapatsa pa Khirisimasi yawo yomaliza," anatero. "Ankachitsuka okha ndi kasiponji, osalola munthu kuchikhudza." Anakweza maso. "Mwaona? Izi ndi zimene ndimanena ine. Lero ndi chiwaya. Mawa musakaniza zinthu zina, mukomoka m'bafa muli nokha, ife tili ku Virginia. Za m'nyumba simuzidziwa, adadi. Si mlandu, koma simuzidziwa."

Maso ake anapita pa makatoni aja, ndipo a Sosten anaona kumene apita. Pangano linali loti apeze bwino, koma apa panali chinthu choonongeka, chili m'manja mwa mwana wawo. Akanatha kukhala chete monga mwa masiku onse. Anazindikira kuti lero kukhala chete kuwasamutsa.

"Ndimayesa chinawakanika amako," anatero. "Muja ankadwala. Manja analibe mphamvu." Anayang'ana chiwayacho. "Sindinafune kuti Callista achione chili chakuda, n'kumati mkulu wake anasiya zotero."

Kuseka kunaleka. Callista anadzuka pang'onopang'ono atagwira mwendo wa tebulo. Analanda chiwaya m'manja mwa Tiya, nayendetsa chala mkati, m'mbali mokhota muja, pozungulira timisomali.

"Chinakutengerani nthawi yaitali bwanji?"

"Tsiku ndi theka."

"Tandionetsani manjawo."

Anabisa kumbuyo, koma Callista anawagwira mkono monga amagwirira odwala ake ovuta, naona chala chokulunga nsanza ndi zikhadabo zoperepeseka. Anawasiya, natembenukira kwa Tiya.

"Tamvera kuno, mwana wanga. Ine ndimalowa m'nyumba za anthu oferedwa sabata ndi sabata. Wotaya mtima ndimamudziwa ndikadali pakhomo. Amene unamupeza pa Khirisimasi uja, eya, ndikanamubereka ndekha kumbuyo mpaka ku Alexandria. Koma wotaya mtima sakhala pansi tsiku ndi theka kulimbana ndi fakitale ya azungu mpaka kuigonjetsa. Unandiitana kuti ndidzaone. Ndaona. Asiye bambo ako."

"Koma anti, chiwayachi..."

"Chiwaya chafa, inde. Chafa imfa yaulemu." Anawaloza chala a Sosten. "Koma alamu, ndikuuzirenitu zisanachitike. TV iyo ndi yakuda dala. Matayala a galimoto ya bwana wanu, akuda dala. Inenso ndinabadwa chonchi, musandiyandikire ndi mchenga wanuwo."

Tiya anayesa kudzigwira, koma kuseka kunatulukira m'mphuno pamodzi ndi misozi. Anakhala pampando, nayang'ana khitchini yonse, mawindo, chitofu, mapoto a mayi ake ali ndanda pa tebulo. Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Chabwino," anatero. "Ndinalonjeza kutseka pakamwa. Sainani pepala lanulo. Koma Lamlungu lililonse muzibwera kwathu kudzadya."

"Kawiri pa mwezi."

"Katatu."

"Kawiri."

"Mwaonatu, anti? Munthu ameneyu!"

"Ndi wa achemwali, anatisiyira," anatero Callista. "Titani naye?"

Tiya ananyamula makatoni ake n'kukawatsamiritsa pafupi ndi chitseko chotulukira. Anabwerera akadali ndi mawu.

"Ndipo viniga wanuyo musadzayerekeze kumusakaniza ndi za m'mabotolo aja. N'zoopsa zimenezo, sindikuseka."

"Ndati utenge."

"Nditenga. Chiwayachi nditaye? Ndikugulirani china."

"Ayi."

"Chilichonse chizimatirira tsopano."

"Kwathu ziwaya n'zoyera. Timadya."

"Ndiye tikazingireni tione," anatero Callista, akukoka mpando. "Alendo tachoka kutali, ngakhale tiyi sitinamuone. Ukhondo sadya, alamu."

A Sosten anayatsa chitofu, nateleka ketulo, nathira mafuta m'chiwaya ochuluka kuposa a masiku onse. Anaswa mazira asanu ndi limodzi. Anamatirira ndithu, monga ananenera Tiya. Amayi awiriwo anayang'anana, milomo ili yotseka mwamphamvu. A Sosten anatenga supuni yachitsulo, napala mazirawo mpaka pansi, nagawa pa mbale zitatu.